Tadala wayankhitsa azibambo

Lamlungu, Okutobala. Miyendo ikuwawabe ndi ntchito ya dzulo, koma mtima uli mbee.

Titaweruka kutchalitchi ku Wheaton, tauni yomwe tikukhala kunja kuno, tinasonkhana kwa a Banda a ku Lusaka, ndipo ana anauzidwa kuti asangalatse alendo. Mwana wanga Tadala, yemwe ndikamuyankhula Chichewa amayankha Chingerezi, anaimirira n'kuti, "Padangokhala!" Azimayi tinavomera, "Tili tonse!"

Nthanoyo anaitenga m'buku la nthano za ku Japan lomwe anabwereka kulaibulale. Ndi ya mtsikana amene anakana kuti anzake aziperekedwa nsembe kwa chinjoka cha m'nyanja, n'kudumphira m'madzimo mpeni uli kukamwa. Ili pakati, Tadala anasiya. Azibambo maso anali pa mpira wa pafoni.

"Adadi, ankolo, simukuyankha. Sindipitiriza."

Kenako a Banda anaika foni m'thumba n'kuti, "Tili tonse, mami!" Azibambo onse anatsatira, ndi bambo a Tadala omwe. Chichewa cha mwanayo chinali chokhotakhota, koma anafika nacho kumapeto.

Mayi abusa anandinong'oneza kuti mwana wamkazi sadzudzula akuluakulu pagulu. Ndinati, "Ndamva mayi, ndikamulangiza."

Titafika kunyumba, ndinalowadi kuchipinda kwake kukamulangiza. Koma ndinangomufunsa kuti, "Kodi mabuku a choncho alipo enanso kulaibulaleko?"