Mphenzi Yoweta ya Achimwene Jeremiah

Chintheche,
Pafupi ndi Bandawe,
19 Malichi, 1888.

Okondedwa Achimwene Jeremiah,

Ndine mlongo wanu Bessie, yemwe uja munkati dzanja lake ndi la munsi osati la cholembera. Lero onani, munsi uja walemba kalata. Ndalemba m'Chinyanja cha kusukulu monga munachitira inu, poti Chitonga chathu sichinazolowere kugona papepala. Pepalali andipatsa aphunzitsi Griffin a ku Bandawe, ndipo akuti sitima inyamuka Lachinayi, ndiye mukaona zilembo zikutsimphina mudziwe kuti ndi changu.

Kuno mvula yagwa yosasewera. Mtsinje wa Luweya wadzaza mpaka m'mabango ndipo nsomba za mpasa zakwera zambiri. Angoni chaka chino sanatsike kumapiri, moti anthu ayamba kulima kutali ndi linga. Bambo a kunyumba kwanga anapita ku mtengatenga ku Kabula mu Okutobala, anandisiya ndili ndi pakati. Mwana wanga Aleck, amene simunamuonepo, wayamba kuyankhula, ndipo aliyense wodutsa atavala malaya amamuitana kuti malume.

Kalata yanu inafika mu Disembala, yoyamba m'zaka zisanu chichokereni inu ndi mzungu wa injini ya sitima uja. Ndiyambe ndakudandaulirani: zaka zisanu, achimwene, ngati ku Sikotilandiko mapepala amachita kusaka ndi agalu. Amayi anandiwerengetsa kanayi tsiku lomwelo. Kenaka anainunkhiza, nati ikununkha utsi wachilendo, n'kuisunga m'kadengu ka mikanda yawo.

Zija munalemba za ntchito yanu ndinazimva, ngakhale mutu unandizungulira. Munati kumeneko kuli kampani ya anthu olemera asanu, si ya mfumu, si ya mpingo, ndipo anagula mathithi a mtsinje. Amayi anaseka mpaka misozi, nafunsa kuti wogulitsayo anawanyamulira m'chiyani mathithiwo. Munati anatseka mtsinje ndi khoma, madzi amatsika mumpope wachitsulo n'kuzunguza gudumu, gudumulo limazunguza makina, ndipo m'makinamo mumabadwa moto wopanda utsi umene umayenda m'waya kukayatsa nyali m'nyumba za anthu kutali. Munati azungu akuti moto umenewo ndi mtundu umodzi ndi mphenzi, kungoti ndi yoweta, imapita kumene eni ake aituma. Munatinso inu ntchito yanu ndi kuchotsa masamba ndi zinyalala pa sefa yachitsulo pamene madzi amalowera, ndi kuthira mafuta gudumu. Pamenepo ndinaseka ine. Kuwoloka nyanja zonsezo kukatola masamba, pamene pabwalo pa Amayi masamba a mkuyu akusowa wosesa!

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi, ndipo mukamawerenga mukhale pansi.

Mukumbukira Mavis, amene munamusiya ndi lonjezo. Anakudikirani zaka zitatu, kenaka anakwatiwa ndi Longwe, mwana wa NyaManda. Ine sindimuimba mlandu, mtsikana sangakalambe akuyang'ana utsi wa sitima. Koma NyaManda, pakamwa pake mumapadziwa. Tsiku lina tili kudziwe tikuviika chinangwa cha kondowole, anayamba kundiseka pamaso pa amayi onse. Anati Mavis anachita mwanzeru, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anati inu azungu anakugulitsani kalekale, ndipo ngati muli moyo ndiye kuti mukutsuka mbale za agalu awo. Mavis anali pomwepo ndi mwana kumbuyo, maso pansi.

Mtima unandipsa, achimwene. M'mawa mwake ndinatenga kalata yanu m'kadengu muja Amayi osadziwa, ndinapita nayo kudziwe, ndinaima pamwala n'kuiwerenga mokweza. Koma sindinawerenge monga munalembera. Za masamba ndi mafuta zija ndinazilumpha. Ndinati inu ndi amene mumagwira chogwirira cha makina, mumakola mphenzi m'madzi ngati nsomba, ndipo mukafuna mumaituma kulikonse, ifika munthu asanaphethire. NyaManda atati ndi bodza, ndinamuyankha mawu amene ndikanakonda nditawameza: "Achimwene akamva kuti mwana wanu anawalanda mkazi, mudzaiona nokha mphenziyo."

Amayi onse anaseka, nanenso ndinaseka, ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndapha njovu.

Sanathe masabata atatu. Unali usana, dzuwa likuoneka, kamtambo kamodzi kokha cha ku Makuzi. Longwe anali m'bwato ndi anzake awiri akukoka ukonde pafupi ndi miyala ya kumeneko. Mphenzi inagwa kamodzi. Awiriwo anagwera m'madzi n'kusambira mpaka kumtunda opanda ndi chilonda chomwe, koma Longwe anamupeza m'bwato atauma, nkhafi ili m'manja. Maliro asanaikidwe n'komwe, mudzi wonse unali utakumbukira zimene ndinanena pamwala paja.

Mlandu unakhala pansi pa mkuyu wa kwa Longwe. Ndinaima n'kuvomera kuti ndinanama, kuti inu ndinu wotola masamba chabe. Akulu anati dzulo unati uku, lero ukuti uku, tikhulupirire pakamwa pati? Anaitanitsa aphunzitsi Griffin kuti awerenge kalatayo okha. Ndinasangalala, ndimati choonadi chitipulumutsa. Koma aphunzitsi ndi munthu wosadziwa kulumpha mzere, anawerenga zonse. Akulu anawafunsa ngati mwalembedwa kuti motowo ndi mtundu wa mphenzi, anati inde. Anafunsa ngati umapita kumene watumidwa, anati inde, koma m'waya mokha. Anafunsa ngati umapha, ndipo aphunzitsi anachita kuwerenga paja munalemba kuti hatchi inaponda waya wogwa n'kufera pomwepo. Anayesetsa kufotokoza kuti palibe waya wochokera ku Sikotilandi kufika ku Makuzi, koma mkulu wina anangoti waya wa mfiti sauona ndi maso. Ine ndinakhala pansi, poti madzi akatayika saoleka, ndipo anthu anayamba kutchula mwavi.

Popeza inu kulibe, anati amwe wa magazi anu. Abale athu anapempha kuti imwe nkhuku m'malo mwa munthu, monga zimachitikira pa milandu ina. NyaManda anakana, anati iye sanaike nkhuku m'manda. Sindinamude pamenepo, achimwene. Nkhope yake inali itagwa ngati ya munthu wazaka zana.

Aphunzitsi Griffin anabwera kwathu madzulo ake natiuza kuti tithawire ku misheni, kumene mwavi saulola. Ine ndinali nditamanga kale katundu. Amayi anamasula mtolowo n'kubwezera chilichonse pamalo pake. Anati tikathawa ndiye kuti tavomera, ndipo tikavomera, inu simudzapondanso mchenga wa Chintheche. Mukadzatsika sitima adzakulandirani ndi mikondo, ana adzakuthawani, ndipo mukadzafa palibe adzakukumbireni manda. Anati iwo sanadikire zaka zisanu kuti akutsekereni okha njira. Ndinati ndiye ndimwa ine, poti pakamwa ndi panga. Anandiyang'ana pamimba nati wapakati samwa mwavi, angaphe wosalakwa, adzamwa iwo.

Linali Lachiwiri m'mawa, kudambo kuseri kwa linga. Anthu anadzaza ngati kwabwera sitima. Wosinja mwavi anasinja khungwa lake pamwala tonse tikuona, nasungunula m'chikho. Tikuyenda kupita pakati pa bwalo, Amayi anandigwira mkono n'kundinong'oneza, ndipo mawu awo ndikulemberani monga anawanenera.

"Bessie, usaganize kuti ndikumwera NyaManda. Mwana uja ndinamulera ine, koma zaka zisanu amulera azungu. Sindidziwa zimene amuphunzitsa. Nanenso ndikufuna ndidziwe."

Ndinati, "Ama, ndakuuzani kuti ndinanama ine."

Anati, "Iwe unanama, inde. Koma Longwe wafa."

Musakwiye nawo, achimwene. Munthu amene sakuonekera, ngakhale mayi wake amayamba kumulota nkhope zachilendo. Anamwa chikho chonse osapumira, napukuta pakamwa, nayamba kuyenda uku ndi uku monga mwa mwambo. Ine ndinkapemphera pemphero la kusukulu, ndikalakwitsa ndiyambirenso. Dzuwa linakwera mpaka pamutu. Miyendo yawo inayamba kunjenjemera, a kwa Longwe anayamba kung'ung'udza, ena anali atatola kale miyala. Kenaka Amayi anagwada, nagwira pansi ndi manja onse, nasanza.

Anasanza katatu. Nthungululu zinamveka mpaka kunyanja. Ine ndinawathamangira, ndipo ndinawapeza akuseka, misozi ili mbwembwembwe, akuti mwana wawo sanasinthe, ndi yemwe uja. Woyamba kubwera ndi madzi oti atsuke m'kamwa anali Mavis, atavala nsalu yake yaumasiye. Tsiku lachitatu NyaManda anabwera yekha akukoka mbuzi yopepesera, anakhala pakhomo nthawi yaitali, ndipo iye ndi Amayi analira limodzi, wina mwana wakufa, wina mwana wamoyo.

Choncho dzina lanu layera, achimwene. Palibe munthu pa Chintheche, pa Bandawe kapena ku Limphasa amene angakulozeni chala. Njira yanu ndi yotsegula, ndipo ndikufuna mudziwe kuti sinatseguke yokha.

Tsopano pempho langa. Pitani kwa eni kampani asanu aja, muvule chipewa, muwauze kuti akumasuleni. Masamba a mumtsinje wawo akhoza kutola wina aliyense, ngakhale mwana. Gudumu lawo silidzaima chifukwa Mtonga mmodzi wapita kwawo. Ndikudziwa mudzati mukuphunzira, mudzati tsiku lina mudzamanga gudumu lotero pa Luweya kuti nafenso tione nyali zopanda utsi. Ndinamva kunyada kwanu m'kalata muja, ndipo sindikukunyozani. Koma ife kuno mdima tinauzolowera, chimene sitinazolowere ndi kusowa inu. Ndakusowani, achimwene. Ndikamva mluzu wa sitima ndimasiya mtondo n'kuthamangira kugombe ndi mimba yangayi, ndimawerenga otsika mmodzimmodzi, kenaka ndimabwerera ndikudzitukwana kuti ndine chitsiru. Ana anga akufuna malume. Denga la nyumba ya Amayi likudontha mbali ya kumpoto, ndipo munda wawo wa kumtsinje ndikulima ndekha, sindiutha.

Mukamabwera musavutike ndi mphatso. Ngati mungapeze singano ndi mpeni wabwino, basi. Ndipo ngati munakwatira kumeneko, nenani, sitikudyani, tingofuna kudziwa ngati mlamu wathuyo angathe kusenda chinangwa.

Ndatsala pang'ono kumaliza pepala, ndiye ndipereke moni. Akupatsani moni aphunzitsi Griffin, akuti muwakhululukire powerenga zonse. Akupatsani moni azakhali a ku Limphasa ndi ana awo. Aleck wapaka chala chake pakona apa, kadontho kakudako ndi moni wake. Mavis sananene kuti ndikupatseni moni, koma anafunsa kawiri tsiku lonyamuka sitima, ndiye muone nokha. NyaManda akuti mukadzafika adzakuphikirani mpasa ndi manja ake.

Moni wa Amayi ndausiya kumapeto chifukwa ndimasowa poulowera. Ndalemba pepala lonse ndikuuzungulira. Mwavi unatuluka, achimwene, koma unatuluka ndi mphamvu zawo. Kuyambira tsiku lija sanadzukenso pamphasa, chakudya chimakana kukhala m'mimba, ndipo mankhwala a ku misheni sanathandize. Anakhala masiku asanu ndi anayi. Sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo atandiona ndikulira anandikalipira kuti ndisiye, zimene ankafuna kudziwa azidziwa. Lachitatu masana anandituma kuti ndikulembereni chonchi: "Umuuze Jeremiah kuti ndamupatsa moni. Umuuze kuti ndinamukayikira pang'ono, andikhululukire. Abwere masana, adutse pakati pa mudzi, asazembe."

Anatisiya Lachinayi m'mawa, tinawaika Lachisanu pafupi ndi Atate. Kalatayi ikamakufikani udzu udzakhala utamera pamanda, ndipo mudzalira nokha pakati pa anthu osadziwa dzina lawo. Zimenezo zikundipweteka kuposa zonse. Amene anawapha si mphenzi yanu, si NyaManda, ndi pakamwa panga, ndipo sindipempha kuti mundikhululukire papepala. Mubwere mudzandikalipire pamaso, ndidzakhala pansi n'kumvetsera mpaka mutatopa.

Mulungu akusungeni panjira yonse ya pamadzi.

Ndine mlongo wanu amene watsala,
Bessie.