Manachesi a Stelia

Matandani,
Neno.
17 Novembala, 2024.

Okondedwa achemwali a Tisungeni,

Pa maliro paja munandifunsa za tsiku lathu lomaliza, ine osayankha. Linali Loweruka wamba. Ine ndi Stelia tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ine ndikuthira dothi m'mapepala a shuga, iye akuokeramo mbande za manachesi. Anandilanda khasu, amvekere, "Bambo a Thandizo, dothi lanuli ndi loumbira njerwa. Mitengo yanga idya chiyani?" Mbandezo zinali za kunyumba ya ku Lisungwi, ija tinaipemphera ngongole ku banki. Chakumadzulo anati mutu ukumuwawa. Zotsatirazo mukuzidziwa.

A banki sanayankhebe. Pempholo tinasaina awiri, iye ndi malipiro ake a uphunzitsi, ine ndi anga a kuchipatala. Atamva za imfayi anati aliunikanso poona malipiro anga okha. Mayi wa ku ofesi kwawo amayankha mwaulemu ndithu: "Bambo, fayilo yanu ikadali ku likulu, tikuimbirani." Ndiye masana anzanga akamakadya, ine ndimakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pomwe foni imagwira bwino, n'kukhala pamenepo.

Achemwali, musandiseke. Ndikayang'ana kuchigwa, kumene fumbi limaphimba mapiri, nyumba ija ndimaiona ngati ili pafupi. Khonde lake lofiira lija, iye atayanika nsalu pachingwe, mitengo itakula kale, nthambi zitaweramira pansi ndi zipatso. Nthawi zina ndimamva akundiitana kuti madzi osamba akuzizira. Belu la sukulu likalira ndimatsika.

Akuchikazi anandisudzula mwezi watha. Sanandithamangitse ayi, alamu anga ndi anthu abwino, koma pano m'pa eni ake. Thandizo waimba ali kusukulu kufunsa kuti pa holide adzafikira kuti. Ndamuuza kuti kwa bambo ake, basi. A Kalisto, eni nyumba ija, akuti andidikira mpaka chaka chithe, chifukwa pali wina wa ku Blantyre akuifunanso. Mundikumbukire m'mapemphero. Chuma sindikupempha.

Katundu wa Stelia ndinachedwa naye. Zovala ndi nsalu ndapereka kwa azichemwali ake, mabuku ndakasiya kusukulu kwawo. Zinatsala ndi mbande zija, mizu itaboola mapepala n'kuyamba kugwira pansi. Mvula itagwa Lachinayi, dzulo ndinaziika mu dengu lake la kumsika n'kutsika nazo ku Lisungwi.

A Kalisto anandipeza ndikuyeza malo kuseri kwa nyumba.

"Kodi banki yavomera, a Gerishon?"

"Ayi, bambo."

"Nanga ikakana?"

"Adzadya amene adzakhale muno. Koma m'mapepalamu zakula, sizingadikirenso."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makasu awiri. Tinakumba pamene dothi lake n'lakuda. Dengulo ndalisiya pakhonde pawo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse kumeneko. Pamzere uwu mpamene ndinkalemba kuti Stelia akupereka moni. Lero landirani wanga wokha.

Ine mlongo wanu,
Gerishon.