Thumba la Khofi Limene Ndinasankha

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo uja unasiya kutupa mukaima tsiku lonse mu wodi? Kuno tilipo. Alamu anu ali bwino, ana nawo ali bwino kukoleji kwawo. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima sukukhala pansi.

Kalatayi ndaiyamba katatu. Pafoni sindingathe, chifukwa mukangoti "watani iwe?" ndimayamba kuseka n'kulowetsa nkhani zina. Ndiye ndikulemba pa desiki ya kuntchito nthawi ya nkhomaliro, mafayilo a ana asukulu ndawakankhira pambali.

Misala yanga ya khofi mukuidziwa. Munandiseka mutabwera chaka chatha, mutandipeza ndikuyeza njere pa sikelo ngati mankhwala a wodwala. Inayamba tsiku limene mvula inandithamangitsira m'kanyumba komwera khofi kuseri kwa positi ofesi. Mwini wake, amene tonse timangowatchula kuti a Ndevu, anandipatsa kapu n'kundiletsa kuthira shuga. Ndinamwa monyinyirika, koma pakhosi panatsala kukoma ngati kwa chipatso chakupsa. Mwezi usanathe ndinali nditagula kachigayo kamanja, ketulo ya mlomo wautali ndi timapepala tosefera.

Chimene simukudziwa n'chakuti khofiyu ndi amene anabweza macheza m'nyumba mwathu. Ana atachoka, ine ndi alamu anu tinkangodutsana pakhomo ngati anthu a lendi. Panalibe ndewu, koma panalibenso nkhani. Tsiku lina anandilanda kachigayo, akuti ndimapera ngati ndikukwiyira munthu. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amapera ndi iwo, amathira madzi mozungulira pang'onopang'ono, lilime lili panja ngati mwana wolemba mayeso. Akatero amandipatsa kapu n'kufunsa kuti ndikumvamo chiyani lero. Timatsutsana, timaseka, mpaka basi kutsala pang'ono kundisiya.

Loweruka lililonse ndinkapita kwa a Ndevu kukalawa khofi watsopano ndi anzanga ena okonda zomwezi. A Ndevu ankauza aliyense kuti mphuno ngati yanga sanaionepo. Ndisakunamizeni, mawu amenewo ankandikoma kuposa khofiyo.

Ndiye kunabwera chimfine chija cha m'nyengo yozizira. Ndinakuuzani kuti ndachira. Chifuwa chinathadi, koma fungo silinabwerere. Ndinazindikira tsiku limene ndinasiya simbi pa malaya a alamu anu, n'kumapukuta mawindo m'chipinda chomwecho, mpaka mayi woyandikana nafe anagogoda kufunsa chimene chikupsa. Ndinathamangira kubafa kukanunkhiza sopo. Palibe. Khungu la lalanje, polishi wa nsapato, mafuta a nyali, zonse zinali ngati mpweya. Khofi m'kamwa anangokhala madzi otentha owawa.

Patha miyezi itatu, achemwali, ndipo mpaka Lachiwiri lapitali ndinali ndisanauze munthu.

Mwezi watha a Ndevu analandira khofi wa mitundu itatu kuchokera kwa alimi, woti asankhepo umodzi wogula matumba ambiri. Anandiitana kuti ndidzasankhe ine. Anandiikira makapu atatu patebulo, anthu ataima mondizungulira. Ndinanunkhiza, ndinalawa, ndinatseka maso monga ndimachitira. Makapu onse anali chimodzimodzi. Ndikanangonena kuti lero mphuno yatseka, zikanathera pompo. Koma ndinaloza wapakati chifukwa njere zake zinali zooneka bwino, n'kunena mawu amene ndinazolowera, oti muli uchi, muli zipatso.

Pamalopo pali mayi wina wachikulire amene amakazinga khofi kuseri, wamasiye, wosalankhulalankhula. Iye anatapa njere zosakazinga za m'thumba la khofi amene ndinasankhayo, ananunkhiza, n'kunena motsitsa mawu kuti zikumveka ngati chipinda chimene chakhala chotseka nthawi ya mvula. A Ndevu anamuseka. Anati iye adziwe za moto, za mphuno azisiyire eni ake. Ine ndinamva, ndipo ndinangoyang'ana m'kapu.

A Ndevu anagulabe matumba a khofiyo, ndipo sipanathe masabata awiri makasitomala anayamba kubweza makapu, akuti khofi akununkha chuku. A Ndevu anapsa mtima. Sanaganize n'komwe za ine. Anati mayi uja ndi amene anatsamiritsa matumba kukhoma lachinyezi, ndipo anamuuza kuti mwezi ukatha asadzabwerenso.

Ndinakhala chete masiku asanu ndi anayi. Kuntchito ndinkalemba kalata imodzi kawiri, ndinkaimirira popanda chimene ndikukatenga. Ndikaweruka ndinkatsika basi patali n'kuyenda wapansi, kudutsa pakhomo pa a Ndevu osalowa, kubwerera, kudutsanso. Mlonda wa pa positi ofesi mpaka anandifunsa ngati ndataya chinthu.

Lachiwiri lapitali ndinalowera khomo lakuseri. Ndinapeza mayi uja akupukuta makina okazingira, manja ali bii. Ndinamuuza zonse nditaimirira, chikwama chili kukhwapa. Sanadabwe. Anati anadziwa kalekale, chifukwa tsiku lina khofi anamupserera ine nditaima pafupi, aliyense anatsokomola koma ine nkhope sinasinthe. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere pamene ankachotsedwa ntchito. Amvekere, "Akanamva ine kapena inu? Komanso matenda ndi a mwini wake, mayi. Ndinkadikira kuti munene nokha." Achemwali, bola akanangonditukwana.

Tinapita limodzi kwa a Ndevu. Ndinalankhula pamaso pa makasitomala awiri amene analipo, chifukwa ndinkaopa kuti ndikadikira achoke ndithawa. A Ndevu anavula epuloni, anaipinda, anaipindanso. Kenako anatembenukira kwa mayi uja n'kupepesa, n'kumupempha kuti asachoke ntchito. Iye anati akaganiza kaye kunyumba. Ndamva kuti m'mawa mwake anabwera, n'kunena kuti akhala pokhapokha ngati thumba lililonse lizidutsa pamphuno pake lisanagulidwe. A Ndevu anavomera.

Kwa ine sananene zambiri. Anangoti mpando ulipo ngati ndikufuna kudzamwa khofi ngati wina aliyense. Sindinapiteko. Mwina ndidzapita, koma pakadali pano miyendo ikukana.

Tsono chimene ndakulemberani si chimenechi ayi. Alamu anu sakudziwabe. Lero lomwe m'mawa andipatsa kapu ya njere zatsopano zimene anakazifuna okha kutsidya kwa tauni, ataima pafupi ndi sinki kudikira kuti ndinene. Ndinati muli kafungo ka mtedza wokazinga. Anaomba m'manja, akuti nawonso amva chomwecho, akuti tsopano ayamba kundipeza. Ndinalowa kuchipinda ngati ndikukafuna nsapato.

Ndikuopa, achemwali. Sindikuopa kuti akwiya, mukuwadziwa, sakwiya msanga. Ndikuopa kuti adzandimvera chisoni, n'kutsuka kachigayo kaja, n'kukaika pamwamba pa kabati kuti ndisamakaone. Akatero m'mawa tizidzakamba chiyani? Zaka zija zongodutsana pakhomo sindikuzifunanso. Koma kunamiza munthu tsiku ndi tsiku, iye akusangalala ndi bodza langalo, nakonso kwanditopetsa. Ndaona kale kumene kukhala chete kwanga kunatsala pang'ono kumufikitsa munthu wosalakwa.

Ndiye ndili ndi zopempha ziwiri.

Choyamba, inu ndinu namwino, mwaona odwala ambiri. Mundifunsireko kwa madokotala kumeneko ngati fungo limabwerera likatha miyezi itatu, ndi chimene ndingachite. Ngati pali dokotala wa mphuno woti ndikaonane naye, mundiuze ndipite. Koma musandinyengerere ngati mmene munkachitira ndili mwana. Ngati silibwerera, nenani kuti silibwerera.

Chachiwiri ndi ichi. Ndatsimikiza kuti ndiwauza alamu anu Lamlungu likudzali, akangondipatsa kapu, ndisanamwe. Ndiwapempha kuti asasiye kupera, kuti kuyambira tsopano azindiuza iwo chimene chili m'kapumo, ine ndizimvetsera. Koma ndikudzidziwa. Ndikhoza kufika Lamlungulo n'kunenanso za mtedza. Kalatayi ikakufikani, dikirani Lamlungulo lidutse, kenako muimbe foni, koma osati yanga. Muimbire alamu anu, muwafunse kuti mphuno ya mng'ono wanga ili bwanji. Akakuyankhani, ndiye kuti ndinanena. Akadabwa, musawabisire kanthu, auzeni ndinu, ine ndidzapirira manyaziwo.

Belu lalira, ana ayamba kale kudzaza pawindo kufuna makalata awo. Ndiyenera kuthamanga kukaponya kalatayi ndisanasinthe maganizo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti achepetse shuga. Ana muwapsompsonere, makamaka wamng'onoyo amene akuti wayamba kuwerenga. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito yanu yolemetsayo, ndipo mukamapemphera mundikumbukire Lamlungu m'mawa.

Ndine mng'ono wanu,
amene munamulera kumsana.