Tiyi Alibe Minga

Lachinayi. Chiperoni tsiku lonse, ndipo mlomo wanga watupa.

Mng'ono wanga Esinati wandiwerengera ndakatulo yake. M'ndakatulomo mitengo ya tiyi ikudzizula yokha, ikuthamangitsa kapitawo uja anamumenya Esinatiyo mbama pa sikelo yoyezera tiyi, n'kumung'amba ndi minga.

Ndati, "Kudzizulako ndi moto, usasinthe pamenepo. Koma tiyi alibe minga, otchola anzako adzakuseka. Ipatse mitengoyo chikwanje chomwe timaidulira chija."

"Achemwali, ine ndikulira, inu mukuchonga!" Wandigenda ndi kapu pakamwa.

Sindinamubwezere. Posesa ndapeza pepalalo: wafufuta "minga", walemba "chikwanje". Koma chikwanje chathu kuseri kwa chitseko kulibe. Mawa Esinati akatchola m'munda wa kapitawo yemweyo, ndipo liwulo ndamupatsa ndine...