Mawu Sanali pa Mkeka

Kabwata, Lusaka
12 Okutobala

Okondedwa amayi aang'ono, amake Chiza,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi abambo aang'ono ndi onse a pakhomo ku Mchinjiko. Bondo lija likukuvutanibe, kapena mankhwala aja anathandiza? Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino latiwotcha mpaka m'mafupa, ndipo magetsi amabwera ngati mlendo wodutsa. Atate ali bwinoko. Shuga wawo watsika, ndipo akudya.

Ndalemba m'Chichewa cha amayi, osati Chinyanja chathu cha m'tauni chimene mumatiseka nacho. Pamene ndaphonya mukonze nokha. Pa foni sindikanatha kunena zimenezi, chifukwa inu mumamudula munthu pakamwa asanafike n'komwe pa mutu wa nkhani.

Pa Khirisimasi munandifunsa kuti kodi ntchito yanga kwenikweni ndi chiyani, ine n'kungoseka. Lero ndikuyankheni. Ndimagulitsa mawu.

Poyamba ndinkafuna kuoneka pa kanema. Zaka zitatu ndinayenda m'mayeso onse amene ndinamva, ku Kabulonga, ku Northmead, kulikonse. Umaima pamzere kuyambira m'mawa utanyamula chithunzi chako, akuitana, unena mizere iwiri, akuti tidzakuimbirani. Saimba. Bambo wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato n'kunena kuti nkhope yanga ndi ya pa wailesi. Tsiku limenelo ndinalira m'minibasi, koma munthuyo sananame.

Ndiye mukadzamva mzimayi akutamanda sopo wochapira kapena chakudya cha nkhuku pa wailesi za kuno, mwina ndine. Zambiri ndimajambulira m'nyumba momwemo. Ndimalowa m'kabati ya zovala, pakati pa madiresi, n'kudziphimba bulangete kuti mahutala a minibasi asalowe, kenako ndimatumiza pa foni. Mwezi uno munthu amatulukamo ngati wagwera m'chitsime. Ntchito ikati ibwere zimabwera zitatu sabata imodzi, ikati isowe imasowa miyezi iwiri, ndipo chimfine chokha chimakwana kukuchotsa pa ntchito. Madzi ozizira ndinasiya kumwa kalekale.

Chaka chatha mu Novembala kunali mayeso ku situdiyo ina ku Woodlands. Ankafuna anthu a sewero la pa wailesi lotuluka Lamulungu lililonse. Malo amodzi anali a mzimayi wachikulire wogulitsa nsomba zouma pamsika, wochokera kum'mawa, dzina lake aNachisale. Tinalipo azimayi makumi atatu. Wotsogolera sewerolo ndi ba Kapembwa, bambo woti kuseka anakusiya kusukulu. Ndili mkati mowerenga anandiimitsa, n'kunena kuti mawu anga ndi osalala kwambiri, ngati a wowerenga nkhani. Anati iwo akufuna mzimayi woti anakalipirapo mwana, ndipo ngati ndilibe ndizipita, panja pali ena akudikira.

Sindinaganize, amayi. Ndinangotsegula pakamwa, n'kutuluka akulu anu a Helen, amayi anga. Mawu aja okwera kumapeto, kutsokomola kuja kumene ankayamba nako akafuna kukalipa, zonse. Pa pepala panalembedwa kuti "mwachoma bwanji," monga timaperekera moni kuno, koma ine ndinati "mwaswera bwanji," monga ankanenera iwo zaka makumi atatu kwathu ku Chelstone osasintha, anthu oyandikana nawo n'kumawaseka. Ba Kapembwa anavula magalasi. Anafunsa kuti mzimayi ameneyu ndamutenga kuti. Ndinati ndangomupeka.

Apa ndiye polakwa panga poyamba, ndipo sindikukana.

Mukukumbukira tsiku limene tinayala mkeka pabwalo ku Chelstone maliro a amayi atatha, inu n'kumagawa katundu wa malemu. Makina osokera anapita kwa inu, zitenje kwa ana a achimwene anu, ine munandipatsa Baibulo ndi nsapato zakuda zosandikwana. Munati chilichonse cha malemu chimaperekedwa ndi akuchikazi, munthu sadzitengera yekha, angatenge ndi tsoka lomwe. Mawu sanali pa mkeka paja. Ndinadzitengera ndekha, ndipo ndakhala ndikudyerapo miyezi khumi ndi umodzi osauza aliyense. Choipitsitsa n'chakuti pepala limene ndinasaina limati aNachisale ndi a situdiyo, pamodzi ndi kalankhulidwe kawo. Ndinaliwerenga bwino nditasaina kale.

Mlungu uliwonse ndinkawonjezera. Timajambula anthu anayi titazungulira maikolofoni imodzi, phokoso la msika amaliika pambuyo, ndipo nsomba zouma zimene anthu amamva zikuthiridwa m'mbale, kwenikweni amakhala mapepala okwinya. Pa pepala pakalembedwa mawu ouma, ine ndinkadzifunsa kuti amayi akanati chiyani apa. Ndiye aNachisale anayamba kunena kuti "zako izo" ndi "ndakuonera patali," ndipo wolemba sewero ankathamanga kulemba pansi. Zikandithera ndinkapita ku Chelstone kukayang'ana m'kabati, kununkhiza mabuku awo a nyimbo, kuti ndikumbuke zina. Ndinkachita manyazi, koma ndinkapitabe.

Sewerolo linagwira anthu. M'minibasi anyamata amapatsana moni wa "mwaswera" moseka, osadziwa kuti mwini wake ali pampando wakumbuyo atapanikizika ndi thumba la makala. Palibe amene amandidziwa nkhope, ndipo ndinazolowera.

Atate sindinawauze. Mukudziwa mmene analili amayi atapita: ndevu osameta, geti litathyoka osalikonza, ukawalankhula n'kuyankha ndi mutu. Ndinkayesa wailesi sakutsegulanso. Koma Lamulungu lina mu Febuluwale ndinafika cha m'ma 4 koloko madzulo nditanyamula ndiwo, n'kuwapeza pakhonde atameta, atavala jekete lawo la kutchalitchi, wailesi ili pampando wa amayi. ANachisale atati "mwaswera bwanji," atate anayankha bwinobwino kuti taswera, kaya inu. Ine ndinabwerera chambuyo mpaka pa geti. Ndinaima pamenepo ndi ndiwo zanga mpaka sewero linatha.

Kuyambira pamenepo ndi Lamulungu lililonse. ANachisale akamakalipira wogula wonenerera, atate amati muuzeni ameneyo. Akadandaula msana, amati mwawonjeza kunyamula. Geti analikonza, ndipo kuseri kwa nyumba anadzala repu. Ine ndinkaona ngati mutu wawo wayamba kusokonekera, mantha n'kumandigwira, koma munthu amene akudya ndi kusamba sumufunsa zambiri. Ndinangozisiya choncho.

Polakwa pachiwiri ndi pakamwa pangapa. Tsiku lina tikudya masana kuseri kwa situdiyo, ndinafotokozera wolemba sewero uja mmene amayi anamwalirira: kuti magazi anathamanga akuyanika zovala, n'kugwa ine ndikuona, ndipo mawu awo omaliza anali oti wina achotse zovala pa chingwe mvula isanabwere. Ndinkangocheza. Ndinaiwala kuti wolemba sadziwa macheza, chilichonse chimene wamva amaika m'thumba.

Mwezi watha ba Kapembwa anatigawira mapepala a gawo lomaliza la chaka chino. Bungwe limene limathandiza sewerolo likufuna anthu aphunzire za kuthamanga kwa magazi, ndipo anaona kuti phunziro silimveka ngati safa munthu wokondedwa. Ndinawerenga ndili chiimire. ANachisale akugwa pamsika, ndipo mawu awo omaliza ndi oti wina aphimbe nsomba mvula isanabwere.

Ndinawatsatira ba Kapembwa mpaka pa galimoto yawo. Ndinapempha kuti mwina aNachisale angodwala n'kuchira, kapena apite kumudzi akapume. Sanakalipe. Anandiuza mofatsa kuti pa ntchito ino ine ndine pakamwa, mutu ndi wa ena, ndipo ngati sindingathe pali mtsikana wina amene amanditsanzira bwino, akhoza kufa m'malo mwanga. Masitudiyo a mu Lusaka ndi ochepa, ndipo eni ake amamwera tiyi pamodzi. Ukakana kamodzi, dzina lako limafika ku Northmead iwe usanakwere minibasi. Zimenezo ndinaziganizira, sindinama. Koma chinandigwira kwambiri n'chakuti sindinafune mwana wa eni afe ndi mawu a amayi anga.

Ndiye ndinajambula, Lachiwiri lapitali. Tinabwereza kanayi. Koyamba anati ndafa mofulumira. Kachiwiri mimba ya mnzanga inalira pa maikolofoni. Kachitatu kanali bwino, kachinayi kanali kongosungira. Nditatuluka ndinagula chinangwa chootcha ndi mtedza pamsewu n'kudya, chifukwa ndinali ndi njala. Kulira ndinalira Lachitatu, ndikuchapa.

Dzulo ndinapita ku Chelstone. Ndinawapeza atate akuthirira repu wawo. Ndinagwada pafupi ndi mpopi, m'matope momwemo, n'kuwauza kuti mzimayi wa pa wailesi uja ndine. Sanasiye kuthirira. Anayankha m'Chinyanja chawo chija cha munthu wa ku Luapula:

"Ninaziba kudala. Sondo yachiwiri unakamba ati 'bwela'. Amai ako sanakambepo 'bwela', olo uwamenye."

Eti miyezi yonseyi ankadziwa. Lilime langa la mu Lusaka linandigulitsa pa chilembo chimodzi, chifukwa amayi ankati "bwera," lilime likuchita kunjenjemera, monga mumanenera inu. Ndinafunsa kuti nanga ankayankhiranji moni. Anati munthu akakupatsa moni umayankha, ndiwo mwambo. Anatinso sanandiuze poopa kuti ndichita manyazi n'kusintha mawu.

Pamenepo ndinawauza zotsalazo, kuti pa 3 Novembala aNachisale amwalira, ndi mmene amwalirire, mpaka za mvula zomwe. Ndinati tsiku limenelo ndidzabwera kudzawatenga tipite ku Kabwata, kapena kulikonse kopanda wailesi. Anatseka mpopi, n'kuyamba kupinda payipi pang'onopang'ono mpaka yonse inatha.

Mukukumbukira kuti tsiku lija amayi anagwa, atate anali kuntchito, ku nyumba zosungira katundu zija, ndipo pofika kuchipatala anapeza amayi ataphimbidwa kale nsalu. Za tsiku limenelo sanalankhulepo ndi munthu. Atakoleka payipi pa msomali anati:

"Paja ninachedwa. Apa nizakhalapo."

Kenako anandifunsa ngati akuchikazi ndawauza. Ndinati ayi atate, ili ndi sewero chabe. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati mwamuna sakhala yekha pa maliro a mkazi wake ngati kuti anachita kumuba, ndipo uthenga umayamba kupita kwa eni munthu. Anati ndilembe msanga, ndipo ndilembere inu.

Choncho, amayi, kalata ino ndi uthenga wa maliro. Kaya m'banja mwathu uthenga unafikapo maliro asanachitike, koma uwu wafika kutatsala masabata atatu. Ndi Lamulungu pa 3 Novembala, 4 koloko madzulo, pakhonde ku Chelstone, ndipo sapitirira mphindi makumi atatu. Mukakwera basi ya m'mawa ku Chipata Loweruka, ndidzakuchingamirani pa siteshoni.

Ngati mukufuna kundikalipira, mudzandikalipire pamaso, ndidzagwada. Koma bwerani, chonde. Ine sindingathe kukhala pakhonde paja awiriwiri ndi atate, iwo atavala jekete, ine ndikudzimva ndekha ndikufa.

Mundiperekere moni kwa abambo aang'ono, kwa Chiza ndi mkazi wake, ndi kwa amayi a mvano amene anabwera nanu ulendo uja. Ambuye akusungeni, akuyendetseni bwino pamsewu, ndipo bondolo lilole.

Ine mwana wanu,
Lombe