Labala wa Princess

Mvera, Dowa

Wokondedwa mlongo wanga Rodrick,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli wamphamvu kumeneko ku Joni, pamodzi ndi mlamu wanga Lenia. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo. Amayi mwendo ukuwavutabe, koma chibwerereni kuchipatala cha ku Mtengowanthenga akuyenda okha mpaka kutchalitchi.

Kalatayi ndamupatsa pamanja Nowa, amene akubwera kumeneko, chifukwa foni yanga alamu ako a Solomoni amaitsegula mmene afunira. Werenga mpaka kumapeto usanaimbire munthu aliyense.

Ukudziwa kuti mwana wako Princess anayamba tenisi ya patebulo kusukulu. Thabwa lomenyera lija, amati beti, anachita kupatsidwa ndi mnzake, koma labala wake anali atasalala ngati chidendene cha nsapato. Utatumiza ndalama yoti timugulire wina, ndinapita kukafunsa aphunzitsi awo a masewero, mayi Debora, poti ine zimenezi sindizidziwa.

Iwo anandifotokozera bwinobwino. Anati munthu wongoyamba kumene safunika labala wodula. Wodulayo amathamangitsa kampira, ndiye mwana amangomenyera kunja kwa tebulo mpaka kugwa ulesi. Anati tigule wotchipa, wofewa, wa siponji yopyapyala, wofiira mbali ina, wakuda mbali inayo, kuti dzanja liyambe laphunzira. Anandilembera dzina lake papepala ndi sitolo ya ku Lilongwe kumene amagulitsa.

Alamu ako ataona pepalalo anati ndisavutike, iwo ali kale ndi ulendo wa kutauni. Ndinawapatsa pepala ndi ndalama. Anabwera madzulo ndi malabala awiri opanda pepala lokutira, atakulunga m'nyuzi. Anati agula abwino kuposa zimene analemba mphunzitsi wamkazi uja. Anamata okha ndi guluu, n'kudula m'mbali ndi lezala. Princess anagwada powathokoza, Rodrick. Anagwada.

Sabata imeneyo mwana ankabwera kunyumba ali ndwii. Ankati kampira kakumuthawa, akangokhudza pang'ono kauluka. Alamu ako ankamuseka kuti manja ake ndi a khasu.

Lachisanu mayi Debora anatenga betiyo kuti aone chimene chikuvuta. Atayang'anitsitsa anapeza kachizindikiro ka inki pafupi ndi chogwirira, kamene iwo amalemba pa katundu yense wa sukulu. Anali malabala odula aja amene anthu akufuna kwabwino anapereka, osungira ana akuluakulu opita ku mpikisano. Anasowa m'chipinda chosungira katundu mwezi womwewo. Princess ndi amene amasesa chipindacho Lachitatu lililonse.

Anamuitana kwa ahedi. Mwana anati anamugulira ndi ankolo ake. Anawaitana a Solomoni, amene ukudziwa kuti ndi wapampando wa komiti ya sukulu, ndipo makiyi a chipinda chimenecho amasunga nawo. Ine ndinapita nawo, ndinakhala pabenchi pambali pawo.

A Solomoni anayankhula modekha, ndi mawu awo aja a pa guwa. Anati iwo anagula labala wotchipa monga analembera aphunzitsi, ndipo ngati mwana anamatula n'kumatapo wina, iwo sangadziwe. Anawonjezera kuti ana amene makolo awo ali ku Joni amavuta kulera. Anamaliza ndi kupempha ahedi kuti amuchitire chifundo mwanayo.

Princess anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

Apa ndiye pamene ndakulemberapo kalatayi. Ndinaona ndi maso anga akumasula nyuzi ija, ndinawagwirira beti akumata, koma ndinatseka pakamwa. Ndinaopa ukwati, ndinaopa zimene anganene anthu kutchalitchi. Mwana wako anauzidwa kuti akhale kunyumba sabata ziwiri, ndipo anzake anamuperekeza mpaka kumsewu akumuimba kuti wakuba.

Titafika kunyumba ndinawafunsa alamu ako kuti achitiranji zimenezi. Sanakane n'komwe. Anavula jekete, kulipachika bwinobwino, n'kunena kuti, "Mwana ndi mwana, adzaiwala. Ine ndili ndi dzina."

Kenako anafunsa ngati madzi osamba atentha. Ndinawatenthetsera, Rodrick. Ndinanyamula ndowa kupita nayo kubafa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikusita malaya a munthu ameneyu kuti akaime kutsogolo kwa mpingo. Lamulungu anawerenga mawu ngati palibe chachitika, anthu n'kumavomera ame. Ine ndinatuluka kukalavula kuseri kwa tchalitchi. Sindikudziwa amene ankandinyansa kwambiri, iwo kapena ine.

Masiku awiri amenewo Princess sanalire, sanadyenso kwenikweni. Titabwerako kutchalitchi anandipeza ndikutsuka mbale, n'kuima chapatali.

"Azakhali, inu munalipo akumata. Kodi nanunso mukuti ndinaba?"

Lolemba m'mawa ndinamugwira dzanja mpaka kwa ahedi. Ndinapempha kuti aitane mayi Debora ndi anthu awiri a komiti, ndipo ndinanena zonse, kuyambira pepala lija mpaka nyuzi. Ndinapemphanso kuti poti mwana ananyozedwa pagulu, amuyeretsenso pagulu. Ahedi anachitadi zimenezo pa asembule, ndipo a Solomoni anawalanda makiyi.

Usaganize kuti anthu anandiyamikira. Amayi ena a chigwirizano anabwera kudzandilangiza kuti mkazi savula mwamuna wake pabwalo. Ndinawafunsa kuti nanga mwana wa zaka khumi ndi zitatu ndiye wovula pabwalo? Anangoti tipemphere. Alamu ako mpaka lero sanapepese kwa mwanayo. Akuti ndawachotsa ulemu chifukwa cha kachidutswa ka labala. Za ndalama yako sindinawafunse, ndipo si imene ikundiwawa.

Panopa ine ndi Princess tili kwa amayi. Ankhoswe akuti tikumane mwezi wamawa. Chimene ndikanene kumeneko sindinachidziwe, koma mbale imodzi ndi munthu uja sindingathe kudyera panopa.

Lachinayi ndinakwera minibasi ndekha kupita ku Lilongwe. Mayi Debora anandilemberanso dzina lija, ndipo ndinagula wotchipa yemweyo, wofewa, ali m'pepala lake lomata. Wogulitsa anayesa kundikopa ndi wina wonyezimira, ndinamuuza kuti wodula ndinamuona kale ntchito yake. Anamata ndi mayi Debora, Princess akuonerera. Mwanayo anakana kugwira beti masiku atatu. Dzulo anapita kukasewera. Pobwera anandiuza, osandiyang'ana kumaso, kuti anabweza kampira kakhumi ndi kawiri osaphonya.

Tsono ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, umuimbire pa foni ya amayi, umuuze ndi pakamwa pako kuti ukudziwa kuti sanabe. Kwa ine akumva, koma mawu anga panopa ndi opepuka kwa iye, ndipo sindikumudandaula.

Chachiwiri, ndikudziwa kuti ukawerenga izi mtima ufuna kumuchotsa m'manja mwanga. Ukatero sindikutsutsa, mwana ndi wako. Koma ngati ungathe, undisiyire mpaka chaka chithe. Ndinamusiya yekha masiku awiri pamene ankandifuna. Ndilole ndikonze ndili naye pafupi.

Mulungu akusunge pa ntchito yako, akutchinjirize m'misewu ya kumeneko. Undiperekere moni kwa Lenia, ndipo kalatayi umuwerengere yonse, usadumphe ndime ya ine. Amayi akupereka moni, akuti mafuta opaka aja atha. Moni wa alamu ako mulibe muno, sindinawapemphe.

Ndine mlongo wako,
Thandiwe