Chikwama Chokwerera Phiri la Kenya

Amayi okondedwa,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija lasiya kuwawa? Ine kuno ku Roysambu ndili bwino.

Ulendo wa ku phiri la Kenya ulipobe, musandiletse. Dzulo ndinakasankha chikwama pa kaunjika, kuno amati mitumba. Wogulitsa anandikakamiza chachikulu: "Dada, pamwamba pali chipale chofewa, tengani ichi!" Ndinakana. Ndinaika mabotolo a madzi m'chocheperapo, n'kuchibereka, n'kumanga lamba wake. Kulemera konse kunatsikira m'chiuno, mapewa n'kupepuka. Pomwepo ndinakumbukira mawu anu pondiphunzitsa kubereka Chisomo kumbuyo ali khanda: mwana akakulemera m'mapewa, wamanga molakwika.

Jekete, magolovesi ndi chakudya zakwanamo bwinobwino. Mundipempherere za kuzizira kokha. Za msana musadandaule, munaukonza kale inu.

Mulungu akusungeni.

Ine mwana wanu,
Tadala